Mbatata Yobwerera M'chikwama

Loweruka lina m'mwezi wa June, ndikukhutula chikwama cha kusukulu cha mwana wanga wamkazi kuti ndichichape, ndinapezamo zinthu ziwiri zimene zandizunguza mutu mpaka lero. Choyamba chinali pepala la mayeso a pakati pa teremu, pomwe funso lina linkafuna kuti wophunzira atchule magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi kupereka zitsanzo ziwiri pa gulu lililonse, ndipo mwanayo anali atakhoza zonse, aphunzitsi n'kumulembera mawu omuyamikira m'mbali mwa pepalalo ndi cholembera chofiira. Chachiwiri chinali kontena imene ndimamuikiramo chakudya cha pa buleki. Nditaitsegula ndinapeza mbatata yophika ya Lachinayi ili chikhalire, itayamba kale kuchita nkhungu, ndipo pansi pa mabuku panali timapaketi tinayi topanda kanthu ta zokhwasula-khwasula zija ana amazitcha majigisi, tina tofiira, tina tachikasu, tonse tonyambitidwa mpaka m'makona.

Mbatatayo sinali mbatata wamba. Inali yofiira m'kati, yochokera ku dimba la amayi anga kwathu ku Mitundu, kumene alangizi a zaulimi anagawa mbewu yake zaka zingapo zapitazo. Mtundu wake umatchedwa Kadyaubwerere, ndipo uli m'gulu limodzi ndi Zondeni, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, mitundu imene akatswiri athu amalimbikitsa chifukwa ili ndi vitamini A wochuluka. Amene anaitcha dzinali ankatanthauza kuti wolawa adzabwerera kudzafuna ina, koma kunyumba kwanga ku Area 23 imene inabwerera ndi mbatatayo.

Nditamufunsa mwanayo, amene ali ndi zaka 13 ndipo ali mu Sitandade 7, sanakane kanthu ndipo sanaoneke ngati wolakwa. Anandiyankha mwaulemu, koma ngati munthu amene akufotokozera mlendo malamulo a m'mudzi mwake.

"Amayi, mbatata ndimaikonda, inunso mukudziwa, koma osati kusukulu. Ukangotsegula kontena muli mbatata, anzako amayamba kukufunsa ngati kwanu kwabwera alendo ochokera kumudzi."

Pofuna kumukola, ndinamufunsa kuti mbatata ili m'gulu liti. Anandiuza kuti ili m'gulu la zakudya zokhutitsa pamodzi ndi chimanga, mpunga ndi chinangwa, n'kuwonjezera kuti yofiirayo imathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Kenaka anandiwerengera magulu otsalawo, la nyemba ndi mtedza, la zanyama, la ndiwo zamasamba, la zipatso ndi la mafuta, osapunthwa ngakhale pamodzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwana wanga sakusowa uthenga. Uthenga unamufika kalekale, anauloweza pamtima, anaulemba pa mayeso n'kukhoza, koma pa geti ya sukulu nthawi ya buleki pamalamula zina.

Ndisanapitirire ndiyenera kupereka ulemu kwa oyenera ulemu, chifukwa ndawala zophunzitsa anthu za kadyedwe koyenera zachita zambiri m'dziko muno. Ife amene tinali ku pulayimale m'zaka za m'ma 1990 tinkaphunzira magulu atatu okha, zakudya zopatsa mphamvu, zokulitsa ndi zoteteza ku matenda, ndipo zinkathera m'kalasi momwemo. Mu 2004 boma linakhazikitsa nthambi yoona za kadyedwe, HIV ndi Edzi mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo mu 2011 Malawi inali m'gulu la mayiko oyamba kulowa mu mgwirizano wa mayiko wolimbikitsa kadyedwe koyenera wotchedwa Scaling Up Nutrition. Kuchokera pamenepo tinayamba kumva pa wailesi, ku sikelo ndi kwa amayi odzipereka oyenda khomo ndi khomo za masiku 1,000 oyambirira, kuyambira tsiku limene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zipatso zake zinaoneka, chifukwa kafukufuku wa boma wa za umoyo wa anthu anapeza kuti mu 2010 ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, pamene pofika mu 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 37. Ine ndemwe ndinayamwitsa mwana wangayu mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha uthenga umenewu, ngakhale apongozi anga ankaumirira kuti mwana akulira chifukwa akufuna phala.

M'mera mpoyamba, ndipo palibe angatsutse. Komatu mbewu ikamera sitimaisiya kuti idzionere yokha mpaka nthawi yokolola. Sikelo ya ana imatha mwana akakwanitsa zaka zisanu, ndipo buku lake la kuchipatala limakalowa pansi pa sutikesi, lotulutsidwa pokhapokha akadwala malungo. Mtsikana amadzakweranso sikelo ya boma akadzakhala woyembekezera, pamene mnyamata mwina sadzaikweranso m'pang'ono pomwe. Pakati pa nthawi ziwirizi pali zaka zija za 10 mpaka 14, pamene thupi limakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse kupatula ukhanda, mafupa akutalika ndi kukhwima, magazi akuchuluka, ndipo kwa mtsikana msambo ukuyamba, umene mwezi ndi mwezi umachotsa ayironi m'thupi. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndiponso kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a msinkhu umenewu anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Tanthauzo lake n'lakuti masiku 1,000 a ana ambiri a m'dziko muno amayambira m'thupi la mtsikana amene zaka zitatu m'mbuyomo ankadya majigisi ndi firizesi ngati nkhomaliro.

Boma linaona mpata umenewu, ndipo linakonza ndondomeko ya kadyedwe ka achinyamata ya zaka za 2019 mpaka 2023, komanso m'maboma ena atsikana anayamba kulandira piritsi lowonjezera magazi la ayironi ndi folic acid kamodzi pa sabata kusukulu. Mlamu wanga amene amaphunzitsa ku Dedza anandiuza kuti masabata oyamba atsikana ena ankabisa piritsilo pansi pa lilime n'kukalilavula kuseri kwa kalasi, chifukwa kunyumba anauzidwa kuti ndi mankhwala olera amene adzawaumitse mimba. Atsikanawo ankadziwa bwino lomwe kuti ayironi amawonjezera magazi, popeza zinali pa bolodi, koma mawu a agogo ndi a azakhali ankalemera kuposa a pa bolodi, ndipo zinayamba kusintha pokhapokha mafumu ndi amayi a m'magulu oyang'anira atsikana ataitanidwa kudzamva okha. Nkhaniyi inandikumbutsa mbatata yanga ija. Konsekuno mwana anaphunzitsidwa bwino, koma amene anali ndi mphamvu pa chimene chilowe m'kamwa mwake anali wina.

Sabata yotsatira ndinapempha tsiku ku ntchito, ndipo ndinapita kukakhala pa benchi ya telala wina moyang'anana ndi geti ya sukulu ya mwana wanga, kuyambira belu la buleki yoyamba mpaka ana akuluakulu ataweruka. Ndikanakonda aliyense wolemba mauthenga a za kadyedwe atachita zimenezi ngakhale kamodzi kokha. Pansi pa mpanda panali amayi pafupifupi khumi atayala malonda awo pa matumba ndi m'mabeseni. Panali mandasi, zigege, zitumbuwa zochepa, mabisiketi, maswiti a pa kamtengo, chingamu, mafirizesi a mitundu yonse m'kabokosi kozizira, ndi mulu waukulu wa timapaketi tonyezimira tija. Chapatali pang'ono mnyamata ankakazinga tchipisi pa chiwaya, mafuta ake akuda ngati oyilo wa galimoto. Nthochi zinalipo pa beseni limodzi lokha, ndipo mtedza wokazinga unali m'timapepala pa ngodya, ngati wangoperekeza anzake.

Belu litalira ana anakhamukira pamenepo ngati njuchi, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo. Kugula pa geti si nkhani ya njala yokha. Mwana wa zaka 12 alibe ulamuliro pa chilichonse pa moyo wake, popeza yunifolomu anamusankhira, nthawi yodzuka anamuikira, ndiwo za madzulo sanafunsidwe, ndipo ndalama ya K500 ili m'dzanja lakeyo ndi malo okhawo amene iye ali bwana. Amaima, amayang'ana, amasankha, ndipo anzake amaona chimene wasankha. Paketi ya majigisi imagawika kwa anthu asanu, aliyense n'kupisamo dzanja, ndipo wogulayo kwa mphindi zochepa amakhala munthu wofunika. Ndinaona mtsikana wina atatsegula kontena yake chobisa, atafulatira anzake, akudya chinangwa mothamanga ngati wakuba. Ndinaonanso ana ambiri amene analibe kontena kapena ndalama, ongoyendayenda m'mbali mwa ogulawo kudikira kupatsidwa, ndipo pa nkhope zawo zinkaoneka kuti anachoka kunyumba osalawa kanthu.

Ana atabwerera m'makalasi ndinapita kukacheza ndi mmodzi mwa amayi ogulitsawo, amene ndinamugula nthochi kuti nkhani iyambike. Nditamufunsa chifukwa chake zipatso zinali zochepa chonchi, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Mayi, ine ndimaoda zimene ana amagula. Nthochi ikagona masiku awiri yada, ndiye kuti mpamba wanga wapita. Paketi iyi ikhoza kukhala mwezi wathunthu osaonongeka, ndipo khonsolo ikabwera siyinena kanthu, chifukwa ndi yomata."

Mawu omalizawa anandikumbutsa chaka cha kolera. Mu January 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'masukulu kunaletsedwa. Chiletsocho chinali choyenera, chifukwa anthu ankafa ndithu, ndipo ine sindingachinyoze. Komabe amayi amene ankagulitsa mbatata yophika, chinangwa, chimanga chophika ndi maungu anayenera kupeza china chogulitsa, ndipo chimene chinali chololedwa chinali cha m'paketi. Mayi uja anandiuza kuti mliri utatha iye sanabwererenso ku zophika, popeza anali atazolowera malonda osafuna makala kapena kudzuka m'bandakucha. Ana nawonso anatolapo phunziro limene palibe anafuna kuwaphunzitsa, lakuti chakudya chomata n'chaukhondo, pamene chophika pakhomo n'chokayikitsa.

Tikamanena za ndawala timaganiza za boma ndi mabungwe, koma ndawala yaikulu ya za kadyedwe mu mzinda uno ikuchitidwa ndi ogulitsa zakumwa ndi zokhwasula-khwasula, ndipo iwo sadikira thandizo la kunja kapena tsiku lokumbukira chinachake. Mwana wokwera minibasi kuchokera ku Area 23 kupita m'tauni amaona zikwangwani zikuluzikulu za achinyamata osekerera atanyamula mabotolo ozizira, magolosale opakidwa utoto wa zakumwazo, ndipo akabwereka foni yanga madzulo amakumana nazonso pa TikTok ndi pa Facebook. Zikwangwani zimenezi sizimuphunzitsa kanthu, sizimufunsa funso, sizimuopseza ndi matenda. Zimangomuuza kuti anthu osangalala, okongola ndi okhala ndi anzawo amamwa ichi. Pamene positala ya magulu asanu ndi limodzi imene ndinaiona pa sukulupo inali mu ofesi ya aphunzitsi, itasuluka ndi dzuwa, m'chipinda chimene mwana amalowamo pokhapokha akapalamula.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza pa tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi masipuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo limati kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la 300 ml limakhala ndi masipuni pafupifupi 8. Mukawonjezera atatu kapena anayi a mu tiyi wa m'mawa, firizesi ya pa buleki, imene ndi madzi, shuga ndi utoto basi, ndi maswiti awiri, mwana wadutsa kale muyezo wa bambo ake dzuwa lisanafike paliwombo. Nditamuwerengera mwana wanga zimenezi, anandiyankha kuti shuga wa ku Malawi ali ndi vitamini A, ndipo anatenga paketi kukhitchini kudzandionetsa chizindikiro chake. Sananame, chifukwa kuyambira mu 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, monga momwe mafuta ophikira amathiridwira, ndi mchere umene umathiridwa ayodini. Ndinasowa poyambira, chifukwa uthenga wabwino unali utasanduka loya wa maswiti.

Zikanakhala zosavuta ndikanaloza chala pa geti pokha, koma nditabwerera kunyumba ndinayamba kuyang'ana mphika wanga ndi maso amene ndinayang'anira mabeseni a amayi aja. Pakhomo panga timadya nsima ya ufa woyera, chifukwa bambo a ana amati mgaiwa umawakumbutsa ku sukulu yogonera komweko, ndipo inenso ndinkachita manyazi kupatsa alendo nsima yoderako. Komatu pokonola chimanga, kuchiviika ndi kutaya madeya timachotsa mbali yaikulu ya mafuta, mavitamini ndi michere ya m'chimangacho, n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, ife n'kutsala ndi choyera chokhutitsa. Therere ndimathira soda monga anandiphunzitsira amayi anga, ngakhale soda imaononga mavitamini ena, ndipo mpiru ndinkauphika mpaka usinthe mtundu. Mwana wanga ankamwa tiyi wakuda pamodzi ndi chakudya, pamene tiyi amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wa mu nyemba ndi m'masamba, chonsecho gwafa limodzi kapena tomato wosaphika amathandiza ayironi yemweyo kulowa m'thupi. Ndipo tikapha nkhuku Lamulungu, nthutumba ndi ntchafu zinkapita m'mbale ya bambo, ana n'kulandira khosi ndi zipalapasiro, ngati kuti amene akukula ndi munthu wa zaka 46. Palibe chimodzi mwa zinthu zimenezi chimene mwana wanga anasankha. Aphunzitsi amamuuza iye kuti adye za magulu onse, koma mthiko uli m'manja mwanga ndipo chikwama cha ndalama chili m'thumba la bambo ake.

Za chikwamacho ndiye zofunika kuzinena mosabisa mawu. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Kuyambira nthawi imeneyo anansi anga ambiri amagula ufa wa m'timapepala tija timati wokumani, wongokwana mphika umodzi, mafuta a m'kachubu ndi kamulu ka bonya, ndipo tsiku likatha chonchi amathokoza Mulungu. Munthu wotereyu ukamuonetsa chithunzi cha mbale yokhala ndi chambo chathunthu, tambula ya mkaka ndi apozi, wamutukwana, ndipo mwana wake akaona chithunzicho amaphunzira kuti kudya bwino ndi kwa anthu a ku Area 10 ndi Area 43. Chimene chimandipweteka n'chakuti zoona zake n'zosiyana. Bonya ndi usipa, zimene timadya ndi mitu ndi minga yomwe, zimapereka kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi ndi zinki, mchere umene kafukufuku anapeza kuti Amalawi oposa theka amaperewera. Nsinjiro m'nkhwani zimaphatikiza magulu awiri mu mbale imodzi. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha kuseri kwa bafa nthawi ya dzinja, ndipo mfutso umasunga masamba mpaka chilimwe. Zakudya zimene zingamupulumutse mwana wa ku Kawale kapena ku Chinsapo zili pafupi ndipo n'zotsika mtengo, koma n'zomwezo zimene tonse, akulu ndi ana omwe, tinazipachika dzina lakuti za amphawi.

Umboni wa zimenezi ndili nawo m'nyumba mwanga momwe. Chaka chatha tinatenga mwana wa alongo anga kuchokera kumudzi kuti adzaphunzire kuno, mnyamata wa zaka 11 amene anthu akamuona amayesa ali ndi zaka 8, chifukwa njala ya miyezi ya January ndi February inamupeza kangapo ali wamng'ono. N'chifukwa chake sindifuna kukometsera moyo wa kumudzi, ngati kuti kumeneko ana amadya mwa mfumu. Komabe mwanayu anabwera akudziwa nyengo ya masuku, ya mango ndi ya magwafa, akudziwa kutchera ngumbi mvula yoyamba ikagwa, kukumba mbewa ndi kuotcha maungu, ndipo pa nthawi ya zokolola ankadya za magulu asanu pa tsiku popanda kudziwa dzina la gulu ngakhale limodzi. Teremu imodzi yokha m'tauni inakwana kumuphunzitsa mayina a magulu onse ndi kumuchotsa pa zakudyazo. Tsiku lina ngumbi zitatuluka madzulo pa getsi la pakhonde ndinamuitana kuti tidzatole, ndipo iye anayang'ana kaye ku mpanda ngati kuli anzake, n'kunena chapansipansi kuti, "Azakhali, kunotu sadya zimenezo."

Mnyamata yemweyu ndi amene anandifotokozera za phala. Ku sukulu yake ya kumudzi ankalandira phala m'mawa uliwonse, lofanana ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya umene unatenga dzina lake ku Likuni kuno kwathu. Ntchito yodyetsa ana m'sukulu ndi yaikulu ndithu, popeza bungwe la Mary's Meals lokha, limene linayamba mu 2002 ndi ana 200 m'dziko muno, tsopano limadyetsa ana a ku Malawi oposa 1 miliyoni, ndipo kapu ya phala imeneyo imachita zimene positala singachite, chifukwa imalowa m'mimba. Koma iye anandiuza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankathamangira pa mzere, anyamata akuluakulu ankabwereza mwakuba, pamene atsikana ambiri a Sitandade 7 ndi 8 sankabwera ndi makapu n'komwe, poopa kuti anyamata awaona atanyamula kapu ngati ana. Ndiye kuti amene thupi lawo likufuna ayironi kuposa wina aliyense pa sukulupo ndi amene ankakhala pansi pa mtengo, njala ili m'mimba, akuteteza ulemu wawo.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wotsatira ndinaimirira n'kufotokoza zonsezi, mawu akunjenjemera chifukwa sindinazolowere kuyankhula pa gulu. Bambo wina anati njira ndi kuthamangitsa ogulitsa onse pa geti, koma amayi ena anamukumbutsa kuti ogulitsawo ndi makolo anzathu amene ana awo ali m'makalasi momwemo, ndiponso kuti ukawathamangitsa amangosunthira kuseri kwa mpanda. Wina anati makolo asiye kupatsa ana ndalama, ndipo tonse tinawomba m'manja ngakhale aliyense ankadziwa mumtima kuti Lolemba apereka, chifukwa kupereka K500 n'kosavuta kuposa kuyatsa mbaula 5 koloko m'mawa magetsi atazima. Mfundo zambiri za tsiku limenelo zinathera m'buku la mlembi.

Zimene zinagwirako ntchito zinali zazing'ono ndipo sizinafanane ndi phunziro. Mayi wa nthochi uja ndinamupatsa theka la thumba la Kadyaubwerere kuti ayesere, ndipo iye, podziwa makasitomala ake kuposa ine, sanaiphike koma anaidula mopyapyala, n'kuikazinga, n'kuwaza mchere ndi tsabola, n'kuiika m'timapepala ting'onoting'ono. Inatha buleki yoyamba isanathe. Ndikudziwa kuti katswiri wa za kadyedwe akhoza kukwinya nkhope chifukwa cha mafutawo ndi mcherewo, ngakhale kuti vitamini A wa mu mbatata amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono, koma ine ndinaona ana akulimbirana chinthu chimene mwezi umodzi m'mbuyomo ankachibisa. Mbatata inali yomweyo, chimene chinasintha ndi chakuti tsopano inali yogula, yogawana ndiponso yosankha okha. Vuto lake n'lakuti nyengo ya mbatata itatha, mtengo unakwera ku msika wa Wakawaka ndipo mayiyo anabwerera ku mapaketi ake.

Chinanso chinachokera kwa mphunzitsi wina wachitsikana amene amaphunzitsa mpira wa manja, amene atsikana onse a Sitandade 7 amatengera mayendedwe ake ndi mamangidwe a tsitsi lake. Iye sanakonze phunziro lililonse. Anangoyamba kukhala pa khonde la kalasi nthawi ya buleki, m'malo mwa mu ofesi, akudya mtedza wophika, chinangwa kapena futali kuchokera mu kontena yake, ndipo nthawi zina ankaitana mtsikana mmodzi kuti alawe n'kumufunsa mmene kwawo amaphikira. Anauzanso timu yake, mosaopseza, kuti wosewera amene wabwera ndi firizesi yokha m'mimba amatopa chigawo choyamba chisanathe, ndipo atsikanawo anali ataziona okha pa bwalo. Mwana wa zaka 13 ukamuuza za matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimene zingadzamugwire ali ndi zaka 50, uli ngati ukumuuza za dziko lina, koma ukamuuza za masewero a Lachisanu, za chizungulire cha m'kalasi kapena za khungu lake, amatchera khutu.

Kunyumba ndinasintha zochepa zimene ndikanatha. Ufa tsopano ndimasakaniza woyera ndi mgaiwa, ndipo bambo a ana anadandaula sabata ziwiri kenaka anaiwala. Tiyi timamwa patapita nthawi tikatha kudya, nthutumba imazungulira nyumba yonse mosinthana, ndipo Loweruka ndimapita ndi ana onse awiri ku msika, n'kuwapatsa ndalama ya ndiwo za tsikulo kuti asankhe ndi kunenerera okha. Mnyamata uja ndi amene amadziwa usipa wabwino poununkhiza, ndipo mlongo wake, amene poyamba ankayenda patali ngati sakutidziwa, tsopano amamufunsa nzeru. Ngumbi amadya, koma kukhitchini, chitseko chili chotseka.

M'chikwama muja timapaketi tonyezimira ndimatipezabe, sabata zina tiwiri, sabata zina tinayi monga kale. Koma Lachiwiri lapitali, ndikutsuka mbale za mgonero, mwana wanga anabwera kudzaima pakhomo la khitchini, akupotokola chala pa nsalu ya diresi yake monga amachitira akafuna kupempha kanthu.

"Amayi, mawa muphike futali wambiri, chifukwa tilipo anayi tsopano, ndipo wina akubweretsa magwafa. Koma muike mu kontena yabwino ija ya chivindikiro chabuluu, osati ya majarini."